Mamita 10 pakhonde la sukulu

Kumsika waukulu wa Mzuzu kuli bambo ena amene akhala akundisokera nsapato kwa zaka zoposa khumi. Tsiku lina chakumapeto kwa 2021 ndinawapititsira mapeyala awiri. Anazitembenuza nsapatozo n'kuziyala pabondo, soli kuyang'ana kumwamba, ndipo anakhala kaye chete akuziyerekeza. Kenako anati, "Amama, kale nsapato zanu zinkadyeka m'mbali mwakunja mokha. Pano taonani, zayamba kupalika kutsogolo kuno, pamphuno penipeni. Ndipo yakumanzere yaposa inzake. Kodi mwayamba kukhwekhwereza phazi?"

Ndinawayankha kuti ayi, ndikuyenda monga mwa masiku onse. Sindinkawabisira kanthu. Ndi mmenedi ndinkadzimvera.

Ndili ndi zaka 41, ndimakhala ku Chibavi, ndipo ndimalemba mabuku a ndalama pa sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba m'tauni muno. Matenda amene ndili nawo dzina lake ndi Charcot-Marie-Tooth, mwachidule CMT. Dzinali ndi la madokotala atatu amene anawafotokoza mu 1886: Jean-Martin Charcot ndi Pierre Marie ku Paris, ndi Howard Henry Tooth ku England. Kwathu ku Ntchisi, kumene bambo anachokera asanabwere kudzagwira ntchito m'nkhalango ya Chikangawa, dzina lotere kunalibe. Ankangoti banja lija ndi la miyendo ya kakowa. Agogo aakazi, amayi awo a bambo, anali nayo miyendo imeneyo, ntchafu zabwinobwino koma kuyambira pansi pa bondo kuonda ngati ndodo. Anthu ankati agogo anaponda mankhwala kumunda ali mtsikana. Bambo atayamba nawonso, anati mankhwala aja anali oopsa, atsata ndi mwana yemwe. Bambo anali mkulu wa mpingo ndipo mowa sanaulawepo, koma anthu osawadziwa akawaona akubwera mumsewu madzulo, akutukula mawondo ndi kuzandima pang'ono, ankanong'onezana kuti mdalayo wakhuta. Mawu amenewa ankawapweteka kuposa miyendoyo.

Ine ndili mwana patapata sankandikhala kuphazi. Ndikati ndithamange, amatsala m'mbuyo. Pampikisano wothamanga kusukulu ndinkafika komaliza, ndipo phazi ndinalibinya kosawerengeka, nthawi zina pamalo athyathyathya popanda ngakhale mwala. Nditakula ndinayenda m'zipatala zingapo. Kwina anati ndi nyamakazi, anandipatsa mankhwala opha ululu. Kwina anandiyeza shuga ndi HIV, zomwe zinali zoyenera, chifukwa matenda awiriwa, pamodzi ndi mowa, khate ndi mankhwala ena a TB ndiponso ma ARV akale aja okhala ndi stavudine, ndiwo amabweretsa dzanzi la kumapazi kwa anthu ambiri kuno. Zonse zikapezeka kuti zili bwino ankandiuza kuti ndizidya bwino, ndizipuma mokwanira.

Dzina linabwera kuchokera ku Johannesburg. Achimwene anga aakulu amagwira ntchito kumeneko, ndipo inshulansi ya kuntchito kwawo inawalola kukaonana ndi dokotala wa mitsempha. Ndikati mitsempha pano sindikunena yoyendamo magazi, koma ija yonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo ndi msana kupita ku minofu, ndi kubweretsa uthenga wa zimene khungu lamva. Anawagunditsa timagetsi pamkono n'kuyeza liwiro la uthenga. Mwa munthu wabwinobwino uthengawu umathamanga mamita oposa 50 pa sekondi imodzi. Ukatsika pansi pa 38, madokotala amaganizira za vuto la chikuto cha mtsempha. Wa achimwene unali pa 22. Magazi awo atawayeza anapeza chimene chinapezeka mu 1991 ndi magulu awiri a ofufuza, lina ku America lina ku Belgium: kachigawo ka chibadwa kotchedwa PMP22, kamene kali pa chromosome 17, kamodzi mwa timitolo tosunga chibadwa m'thupi, kanadzibwereza, moti m'malo mokhala tiwiri tili titatu. Mtundu umenewu amautcha CMT1A, ndipo ndi wofala kuposa mitundu ina yonse ya CMT.

Kusitolo kwathu timagulitsa mawaya a magetsi, choncho nkhani ya chikutoyi sinandivute kumva. Waya amakhala ndi kopa m'kati ndi pulasitiki kunja. Mtsempha nawo uli ndi chikuto chake, amachitcha myelin, ndipo kwa ife chikutocho sichinapangike bwino chibadwire. Pakapita zaka, ulusi wam'kati nawo umayamba kufota. Mitsempha yaitali kwambiri ndiyo imayamba kugonja, n'chifukwa chake vuto limayambira kumapazi, kenako kumanja, osati pamapewa kapena m'chiuno. Kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense wobadwa ali ndi mwayi theka wotengera, theka wosatengera, kaya ndi wamwamuna kapena wamkazi. Kwathu mbumba timaiwerengera kuchikazi, koma ife tinatengera kwa bambo. Mabuku amati pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 2,500 alionse ali ndi CMT ya mtundu wina wake. Mukawerenga anthu a mu Mzuzu muno, ndiye kuti sitili banja limodzi lokha, kungoti ambiri akuuzidwabe kuti ndi nyamakazi kapena kuponda mankhwala.

Mankhwala ochiza palibe. Nthawi zambiri matendawa safupikitsa moyo, ndipo bambo anafika zaka 74 akuyendabe ndi ndodo. Koma amayenda pang'onopang'ono kwambiri, moti mwini wakewe suona. Ofufuza enieniwo ndi chimene chawazunza. Ali ndi muyezo wawo wotchedwa CMT Neuropathy Score, woyambira pa 0 kufika 36, ndipo kwa odwala CMT1A nambalayi imakwera ndi pointi yosakwana imodzi pachaka. Pamene ankayesa vitamini C m'mayiko a ku Ulaya, America ndi Australia, poti pa mbewa anaoneka ngati akuthandiza, anthu anamwa kwa chaka kapena zaka ziwiri ndipo phindu silinaoneke. Ofufuzawo anaphunziraponso kuti n'kovuta kudziwa ngati mankhwala achedwetsa chinthu chimene chikuyenda kale ngati nkhono, pokhapokha utakhala ndi muyezo wakuthwa. Apa m'pamene kuunika mayendedwe kumalowera.

Achimwene anawatumiza kuchipinda choyezera mayendedwe, ndipo ananditumizira vidiyo pa WhatsApp. Anavala kabudula yekha. Anawamata timipira tonyezimira m'chiuno, pantchafu, pabondo, pamsongolo, pakakolo, pachidendene ndi pamwamba pa phazi. M'makoma monse munali makamera, ndipo pansi panali mbale zobisika zoyeza mphamvu imene phazi likupondera. Anawamatanso tizipangizo tomvera nthawi imene mnofu uliwonse ukugwira ntchito. Iwo ankangoyenda uku ndi uku. Pakompyuta panatuluka munthu wa timizere akuyenda ndendende ngati achimwene, ndiponso mizere yokhotakhota yosonyeza mmene kakolo, bondo ndi chiuno zikupindikira pa kamphindi kalikonse. Ndinaionera kangapo vidiyoyo usiku umenewo, ndipo kamunthu ka timizere kaja ndinakazindikira. Kanali kuyenda ngati bambo.

Mawu a wosoka nsapato aja atandikhala mumtima kwa milungu ingapo, ndinapita kwa adokotala a mafizo, mayi wachitsikana ndithu, n'kuwaonetsa vidiyo ya achimwene pamodzi ndi nsapato zanga. Sanandiuze kuti zimenezo n'zakunja. Anati, "Amayi, makamera khumi tilibe, koma foni muli nayo, ndipo tepi yoyezera kusitolo kwanu iliko. Chachikulu n'chakuti muziyeza mofanana nthawi zonse."

Anandiyendetsa m'kholido wopanda nsapato, iwo atanjuta pansi kuyang'ana mapazi okha. Kenako anandifotokozera zimene ankaona. Kuchokera pamene chidendene chagunda pansi mpaka chidendene chomwecho chidzagundenso, phazi limakhala pansi pafupifupi magawo 60 pa 100 a nthawiyo, ndipo magawo 40 otsalawo limakhala m'malere likupita kutsogolo. Likamadutsa m'maleremo, zala zimalambalala nthaka ndi mpata wosakwana masentimita awiri. Mpata wochepa chonchi umasungidwa ndi mnofu wa kutsogolo kwa msongolo, umene umadzutsa phazi. Mnofu womwewo ndi umene umatsitsa phazi mwaulemu chidendene chikagunda. Ukayamba kufooka, phazi limangogwa n'kumveka phwa, phwa, phwa pasimenti, phokoso limene tinkadziwira kuti bambo afika. Ukafookeratu, zala zimalendewera n'kumakola pansi, ndipo thupi, posafuna kugwa, limayamba kutukula bondo m'mwamba ngati munthu wokwera masitepe kapena wowoloka udzu wa mame. Minofu ya m'mbali mwakunja mwa mwendo ikafooka, phazi limapendekera kunja, n'chifukwa chake soli imadyeka mbali imodzi ndipo kubinya sikutha. Timinofu tam'kati mwa phazi tikafota, phazi limakumbika pansi ngati uta ndipo zala zimakhwinyata. Zonse zimene wosoka nsapato uja anawerenga pasoli, adokotala anazitchula ndi mayina a minofu yake.

Ndondomeko imene anandipatsa ndi iyi. Pafupi ndi kwathu pali sukulu ya pulayimale yokhala ndi khonde lalitali la simenti, ndipo aphunzitsi aakulu anatilola kumaligwiritsa ntchito Lamlungu masana. Amuna anga anayeza mamita 14 n'kuika timadontho ta penti pakhoma: poyambira, pa mamita awiri, pa mamita 12 ndi pothera. Wotchi imayamba pa dontho lachiwiri n'kuima pa lachitatu, kuti mamita awiri oyamba akhale otengera liwiro, awiri omaliza otsitsira. Ndimayenda katatu mmene ndimayendera popita kuntchito, n'kutenga nambala ya pakati. Mwana wanga wamwamuna amawerenga kuti ndaponda kangati. Foni timaiika pampando womwewomwewo, pamalo pomwepomwepo, kuyang'ana cham'mbali, ndipo timajambula pa slow motion, kamodzi nditavala nsapato, kamodzi wopanda. Pabondo, pafupa la kakolo, pachidendene ndi pamfundo ya chala chaching'ono ndimamata timapepala toyera ta selotepi, m'malo mwa timipira tonyezimira tija. Pomaliza ndimayenda uku ndi uku pakhondepo kwa mphindi zisanu ndi imodzi, n'kuwerenga mamita onse. Zonsezi zimalowa m'kope la chikuto cholimba, lofanana ndi limene ndimalembamo ngongole za makasitomala. Lili ndi danga linanso lolembamo kuti mwezi umenewo ndapunthwa kangati ndipo ndagwa kangati.

Tsamba loyamba ndi la Marichi 2022: masekondi 8.8, kuponda ka 15, mamita 450 pa mphindi zisanu ndi imodzi.

Mu Julayi chaka chomwecho wotchi inati 9.7. Ndinabwereza, inati 9.6. Ndinafika kunyumba n'kudzitsekera kuchipinda. Mumtima ndinkawerengera kuti ngati miyezi inayi yadya sekondi yathunthu, ndiye pofika zaka zitatu ndidzakhala pa njinga ya olumala. Lolemba ndinaimbira adokotala aja. Anandifunsa funso limodzi lokha, kuti kunja kunacha bwanji tsiku limenelo. Amene mumadziwa Mzuzu wa mu Julayi mukudziwa yankho: nkhungu mpaka masana, kamvula kowaza, simenti yozizira ngati madzi a mumtsuko. Anthu ambiri a CMT mapazi awo akazizidwa amauma ndipo mphamvu imachepa. Mu Okutobala, kutatentha, wotchi inabwerera pa 8.8. Kuyambira pamenepo Julayi ndimamuyerekeza ndi Julayi mnzake, Marichi ndi Marichi mnzake, ndipo pakona pa tsamba ndimalemba mmene kunachera. Adokotala anandichenjezanso kuti chala cha munthu wogwira wotchi chimatha kuchedwa kapena kufulumira pang'ono, choncho kusiyana kwa kachigawo kakang'ono ka sekondi ndisamakuwerengere. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chaka choyamba chonse chinali cha kuphunzira zimenezo basi.

Patatha zaka ziwiri, mu Marichi 2024, wotchi inati 9.1. Kuchoka pa 8.8 kufika pa 9.1 si kanthu, ndipo ndikanakhala kuti ndinkadalira wotchi yokha, ndikanatseka kope n'kunena kuti matendawa aima. Koma kuponda kunachoka pa 15 kufika pa 17, kusonyeza kuti phazi lililonse linkafika pafupi kuposa kale, ndipo ndinkabweza liwirolo mwa kupondaponda mofulumira. Mamita a mphindi zisanu ndi imodzi anatsika kufika pa 415, ndipo otayikawo ankatayika chakumapeto, ndikatopa. M'danga la kupunthwa, miyezi imene kale munkakhala 1 kapena 2 munayamba kuoneka 5 ndi 6.

Mwana wa achemwali anga amaphunzira ku Mzuni, ndipo anaika mavidiyo awiri pambalipambali pa laputopu yake, wa 2022 ndi wa 2024, pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yotchedwa Kinovea imene imaimitsa chithunzi chimodzichimodzi ndi kuyeza makona. Tinaimitsa pamene phazi lakumanzere likudutsa linzake m'malere. Mu 2022 linali lowerama pang'ono, ngati madigiri 10 kutsika pamene linayenera kukhala. Mu 2024 linali litawerama kuwirikiza kawiri, zala zitaloza pansi, ndipo bondo linali pamwamba moonekeratu. Tinapita patsogolo zithunzi zingapo kufika pamene phazi likutera. Mu 2022 chidendene chinkayamba kugunda. Mu 2024 phazi lakumanzere linkatera ndi kutsogolo, chidendene n'kubwera pambuyo. Mnyamatayo anati, "Anti, ndibwezenso?" Ndinati abweze. Tinabweza kasanu.

Pantchito yanga zimenezi ndimazidziwa. Buku likhoza kutseka bwinobwino kumapeto kwa mwezi, ndalama zonse n'kukwana, koma ukatsegula m'kati n'kupeza kuti dzenje la mbali ina lakwiriridwa ndi ndalama zobwereka mbali ina. Liwiro langa linali lomwelo chifukwa ntchafu ndi chiuno zinkalipira ngongole ya kakolo. N'chifukwa chake pofika Lachisanu msana unkandiwawa, ndipo kamtunda kochokera m'tauni kamene kale ndinkayenda wapansi ndinayamba kukwerera Sacramento, njinga za kabaza za kuno, n'kumadziuza kuti ndikuthamangira kukaphika.

Usiku womwewo ndinakumbukira kuti pali vidiyo ya ukwati wathu wa mu 2011. M'menemo muli masekondi 11 okha pamene bambo akuoneka thupi lonse, akundiperekeza kulowa m'tchalitchi, wojambula ali cham'mbali. Kwa zaka zonsezi ndikaonera ndinkayang'ana nkhope yawo ndi jekete lawo la imvi. Tsiku limenelo ndinayang'ana pansi. Ndinaona phazi lawo lakumanja likunyamuka, bondo likukwera mpaka thalauza kukokeka, nsapato italendewera, kenako kutera ndi mphuno. Ndinaona kuti dzanja limene ndinkaganiza kuti landigwira pondiperekeza linkatsamira pa ine nthawi iliyonse phazi lakumanzere likakhala lokha pansi. Anali ndi zaka 69. Palibe amene anawayezapo, palibe amene anawauza dzina la minofu imene inawasiya, ndipo chothandizira phazi sanachivalepo. Masekondi 11 amenewo ndawasunga m'foni pamodzi ndi mavidiyo anga, ndipo m'kope ndinawapatsa tsamba lawo, lopanda manambala, longofotokoza zimene ndinaona.

Mavidiyo awiri aja ndiwo anachititsa adokotala a mafizo kunena kuti nthawi ya chothandizira phazi yakwana. Ine ndinkachikana kwa nthawi yaitali. M'maganizo mwanga munali zitsulo zija ankavala ana a poliyo tili ana, ndipo ndinkaopanso kuti mwendo ukazolowera kugwiriridwa udzafookeratu. Anandiyankha kuti mnofu wodzutsa phaziwo ukufooka chifukwa cha mtsempha, kaya ndivale kaya ndisavale, koma bondo, chiuno ndi msana zimene zikuvutika pobweza ngongole zija tikhoza kuzipulumutsa, ndiponso kugwa kumodzi koipa kukhoza kundithyola fupa. Ananditumiza kumalo opangira miyendo ndi zothandizira kuyenda amene ali pa Mzuzu Central Hospital. Kumeneko anandikulunga chikhakha kuyambira pansi pa bondo mpaka kuzala kuti atenge chikombole, ndipo patapita masiku anandipatsa pulasitiki youmbidwa motsata mwendo wanga, yodutsa kumbuyo kwa katumba n'kupinda pansi pa phazi. Amaitcha AFO. Imalowa m'nsapato, koma nsapatoyo iyenera kukulirapo, choncho ndinatha Loweruka lathunthu m'kaunjika ndikufuna ya zingwe yotakasuka kutsogolo.

Lamlungu lotsatira titajambula, chidendene chinayambanso kugunda choyamba. Wotchi inati 8.6, kuponda ka 15. Phokoso la phwa lija linazimiririka, moti amuna anga anati tsopano sakundimvanso ndikamalowa pageti. Izi sizikutanthauza kuti matenda abwerera m'mbuyo, ndipo n'chifukwa chake timajambulabe vidiyo yopanda AFO ndi yopanda nsapato, kuti tione mwendo weniweniwo mmene ulili. Madzulo aliwonse ndimavula n'kuyang'ana khungu ndi tochi, chifukwa mapazi anga samva bwino ndipo pulasitiki ikhoza kundinyula osadziwa. Chifukwa chomwechi ndinasiya kuwotha mbaula ndi mapazi mu Juni. Bambo anali ndi zipsera za moto kuzala zimene sankadziwa kuti anazitenga liti.

Sindikufuna wina aganize kuti foni yapampando ikufanana ndi chipinda chimene anayezedwera achimwene. Foni imaona mbali imodzi yokha. Kupendekera kwa phazi kunja siikuona bwino pokhapokha titajambulanso chakumbuyo, mphamvu ya kuponda siyeza, ndipo ikasuntha pang'ono makona onse amasintha. Komanso manambala anga popanda munthu wophunzira wowatanthauzira akanangondidwalitsa mtima, monga zinachitikira mu Julayi muja. Koma ndikakhala pamaso pa dokotala amene ali ndi mzere wa anthu panja ndipo akundifunsa kuti zikusintha bwanji, sindiyankhanso kuti bolaniko kapena chimodzimodzi. Ndimatsegula kope ndi mavidiyo awiri, ndipo m'mphindi ziwiri amaona zimene zachitika m'zaka zitatu.

Chimene chandichititsa kulemba zonsezi chinachitika chaka chatha m'nyengo yotentha. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 9, anatuluka kubafa n'kuthamanga pakhonde la nyumba osapukuta mapazi. Ine ndinali pamkeka ndikusankha nyemba. Mapazi ake anasiya zidindo zamadzi pasimenti, ndipo ndinaziyang'ana monga mmene ndazolowerera kuyang'ana chilichonse chapansi masiku ano. Chidindo cha phazi la mwana chimakhala chathunthu, chidendene cholumikizana ndi kutsogolo ndi mzere wonenepa m'mbali. Chake chinali zigawo ziwiri, kadontho ka chidendene ndi kachigamba ka kutsogolo, pakati pouma. Ndinakhala ndikuyang'ana mpaka dzuwa linaziumitsa zonse.

Madzulo ndinawaitana ana onse awiri ngati masewera. "Tiyeni tione amene angayende ndi zidendene zokha mpaka pachitseko, zala m'mwamba." Mnyamata, wa zaka 12, anafika n'kubwerera akuseka. Mtsikana anaponda katatu, zala n'kugwa. Anayesanso, n'kugwanso. Anati, "Amama, mapazi anga sakumva." Ndinamuuza kuti, "Bwera kuno iwe, ngakhale ine sindimatha, taona." Tinayesa limodzi titagwirana manja, ndipo tonse tinalephera pamalo amodzi.

Bambo ake usiku umenewo anati mwina tidikire kaye, mwana asayambe kudziona ngati wodwala. Ndinawamvetsa, ndipo mantha amenewo ndinali nawo inenso. Koma ndinawakumbutsa kuti ine ndinadikira zaka pafupifupi 40, ndikuuzidwa kuti ndine waulesi pothamanga ndi wosasamala poyenda, ndipo kusadziwako sikunandipepukitsire kalikonse. Tinapita naye kwa adokotala a mafizo. Anamuyeza mphamvu ya mapazi, kulumpha, kuima ndi mwendo umodzi, ndiponso kutola tinthu ting'onoting'ono ndi zala za kumanja. Anatiuza kuti kwa ana kuli muyezo wakewake wotchedwa CMTPedS, umene unatuluka mu 2012, ndipo unapangidwa chifukwa paubwana ndi paunyamata ndi pamene kusintha kumaoneka msanga, phazi likamakula. Anatiuzanso za kafukufuku wa ku Sydney ku Australia, wofalitsidwa mu 2017, amene anapeza kuti ana a CMT amene anachita mafizo olimbitsa mnofu wodzutsa phazi kwa miyezi isanu ndi umodzi, mowonjezera kulemera pang'onopang'ono, mphamvu yawo inasungika bwino kuposa anzawo, ndipo sanavulale nazo. Choncho katatu pamlungu mwanayu amakhala pampando, kathumba ka mchenga kali pamwamba pa phazi, n'kumadzutsa ndi kutsitsa. M'mawa uliwonse tonse awiri timatsamira khoma kukoka mnofu wa katumba wotsikira kuchidendene kuti usafupike.

Pachikuto cha buku lake la kuchipatala, ndi langanso, adokotala analemba ndi zilembo zikuluzikulu dzina la matendawa ndi chenjezo la mankhwala otchedwa vincristine. Ndi mankhwala a khansa, ndipo amagwiritsidwa ntchito pa khansa zingapo za ana, kuphatikizapo Burkitt lymphoma imene imapezeka kuno kwathu. Kwa munthu wa CMT1A akhoza kuwononga mitsempha koopsa ngakhale atalandira pang'ono. Ndikupemphera kuti tsamba limenelo lisadzagwire ntchito, koma ngati m'banja mwanu muli miyendo yoonda kumunsi, mapazi okumbika ndi anthu opunthwapunthwa kuyambira kwa agogo, chonde muuzeni dokotala aliyense amene akukulemberani mankhwala amphamvu, ngakhale musanapatsidwe dzina la matendawo.

Mwanayu tsopano ali ndi masamba ake kumapeto kwa kope. Iye timamuyeza miyezi itatu iliyonse, ndipo kuwonjezera pa wotchi ndi vidiyo, amaponda m'phulusa n'kuyenda papepala la khaki kuti tisunge chidindo cha phazi. Mapepalawo ndi anayi tsopano, ndimawapinda n'kuwaika m'envulopu. Manambala amalemba yekha, ndi bolopeni yofiira imene anasankha. Lamlungu lapitali kunali kamphepo, ndipo tisanayambe anandikumbutsa kuti ndilembe pakona kuti kukuzizira. Kenako anakhala pansi pakhonde la sukulu lija, n'kumata selotepi pakakolo panga, kusuntha pang'ono mpaka inafika pafupa penipeni, n'kuuza bambo ake kuti mpando wasuntha, aubweze pa dontho lake.